Malo Ogona Ochipa M'mbali mwa Nyanja: Zimene Anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi Ayenera Kudziwa za Malonda a Timeshare

Uthenga wonena kuti munthu wasankhidwa kukagona masiku atatu kapena anai pa hotela ya m'mbali mwa nyanja pa mtengo wocepa, mwinanso mwaulere, ndi umodzi mwa mauthenga amene amafika pa lamya za m'manja, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ena mwa mauthengawa ndi a akuba basi. Ena ndi a makampani enieni ogulitsa cinthu cochedwa timeshare, ndipo masiku ochipawo ndi nyambo yokokera munthu ku msonkhano wa malonda. Kwa anthu okhala m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, kumene nyanja ya mcere ili pa mtunda wa makilomita oposa 900, nkhaniyi ifunika kuidziwa bwino munthu asanatumize ngwee ili yonse kapena kusaina pepala.

Kodi timeshare ndi ciani?

Liu lakuti timeshare ndi la Cingerezi ndipo litanthauza kugawana nthawi. Kampani imamanga kapena kugula nyumba za alendo pamalo okopa anthu, monga m'mbali mwa nyanja. M'malo mogulitsa nyumba imodzi kwa munthu mmodzi, imagawa caka m'masabata 52 ndi kugulitsa sabata imodzi imodzi kwa anthu osiyanasiyana. Motero nyumba imodzi imakhala ndi eni ake pafupifupi 50, ali yense ndi sabata yake pa caka, ndipo sabata imodzi kapena ziwiri zimasiyidwa kuti nyumbayo ikonzedwe.

Anthu a kumudzi adziwa kale zofanana ndi izi. Mabanja angapo amatha kusonkherana ndalama kugula ng'ombe ziwiri zolimira. Banja lili lonse limakhala ndi masiku ake olimira, ndipo onse amasonkha ndalama ya mankhwala ndi ya dibi. Kusiyana kwake ndi kwakuti eni ng'ombe amakhala pansi kupangana okha za ndalama yosonkha, ndipo akatopana amagulitsa ng'ombezo ndi kugawana ndalama. Pa timeshare, ndalama yosonkha imaikidwa ndi oyendetsa malowo, ndipo kupeza wogula sabata yako ukaitopera ndi nchito yovuta kwambiri.

Pali mitundu itatu yodziwika. Woyamba ndi wa sabata yokhazikika, pamene wogula amakhala ndi sabata imodzimodziyo caka ndi caka. Waciwiri ndi wa sabata yosinthasintha, pamene wogula amasankha sabata m'nyengo imene anagula, koma ayenera kulembetsa msanga ena asanamutsogolere. Wacitatu, umene wafala masiku ano, ndi wa mapointi. Apa munthu sagula nyumba kapena sabata yodziwika. Amagula mapointi amene amasinthanitsa ndi masiku ogona pa malo osiyanasiyana a kalabu ya maholide. Masiku a December ndi a Pasaka amadya mapointi ambiri kuposa a nyengo imene alendo ndi ocepa.

Mtundu uli wonse uli ndi malipiro awiri. Pali mtengo wogulira, umene ambiri amalipira pang'onopang'ono ndi ciwongola dzanja. Ndiye pali ndalama ya caka ndi caka yosamalira malowo, imene ku South Africa amaichula kuti levy. Ndalama yaciwiriyi imalipiridwa kaya munthu wapita kunyanjako kaya sanapite, ndipo kawirikawiri imakwera caka cili conse.

Kumene malondawa anayambira

Malondawa anayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960. Kampani ya Hapimag inakhazikitsidwa ku Switzerland m'caka ca 1963, ndipo ku France malonda otere anayamba pa malo ocezera a m'mapiri ochedwa SuperDévoluy. M'zaka za m'ma 1970 anafalikira ku America, makamaka ku Hawaii ndi ku Florida. M'caka ca 1974 kunabadwa kampani ya RCI mu mzinda wa Indianapolis, imene nchito yake ndi kuthandiza eni masabata kusinthana malo, kuti wa sabata ya ku Durban akagone ku Spain ndipo wa ku Spain abwere ku Durban. Kampani ina ya nchito yomweyo, Interval International, inayamba mu 1976. Makampani akuluakulu analowa pambuyo pake, Marriott mu 1984 ndi Disney mu 1991.

Kum'mwera kwa Africa, malondawa anazika mizu ku South Africa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, m'mbali mwa nyanja ku Durban, Umhlanga, Margate ndi Plettenberg Bay. Boma la dzikolo linakhazikitsa lamulo lake lochedwa Property Time-sharing Control Act m'caka ca 1983. Dziko la Mozambique linaika malamulo ake oyendetsera malonda otere mu 2007. Cofunika kudziwa za Mozambique ndi cakuti nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Wogulitsa amene anena kuti mukugula kacigawo ka nthaka m'mbali mwa nyanja ku Vilankulo kapena ku Inhambane sakunena zoona, cifukwa cimene cingagulidwe ndi ufulu wogwiritsa nchito nyumbayo.

Cifukwa cake masiku oyamba amakhala ochipa

Timeshare si cinthu cimene anthu amadzuka m'mawa kukafunafuna monga feteleza kapena malata. Pafunika kumunyengerera munthu. Pa cifukwa ici makampani amaononga ndalama zambiri kuitana anthu, kuwapatsa mphatso, kuwagoneka pa mtengo wotsika ndi kulipira ogulitsa. Kampani idziwa kuti ambiri mwa oitanidwa adzakana. Ocepa amene amavomera ndiwo amalipirira masiku ochipa a onse, pakuti ndalama zonsezo zinawerengeredwa kale m'mtengo wa timeshare.

Masiku ochipawo amabwera ndi mfundo zake, zolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono. Kawirikawiri woitanidwa ayenera kukhala wa zaka zoikika, wolandira malipiro ofika pa mlingo woikika, ndiponso wokhala ndi khadi ya ku banki ya nkhongole. Ngati ali pabanja, ayenera kubwera onse awiri, bambo ndi mai, kuti pasakhale wonena kuti ayamba wakafunsa mnzake kunyumba. Onse ayenera kukhala pa msonkhano wa malonda wa mphindi 90 kufika 120. Wolephera kufika pa msonkhanowo amalipiritsidwa mtengo wonse wa cipinda. Makampani ambiri amalola nzika kapena anthu okhala m'dziko lawo lokha, cotero uthenga wotere ukafika pa nambala ya ku Sinda kapena ku Vubwi, ndi bwino kuyamba wafunsa ngati munthu wa ku Zambia ndi wololedwa.

Mtengo wolengezedwa ndi wa cipinda cokha. Ulendo, cakudya ndi misonkho ya pamalopo ndi za mlendo. Masiku operekedwa amakhala a pakati pa sabata kapena a nyengo imene zipinda zilibe anthu. Nthawi zina mlendo amagonekedwa pa hotela ina, kutali ndi madzi, ndipo nyumba yokongola ya pa cithunzi amangoionetsedwa pa tsiku la msonkhano.

Zimene zimacitika pa msonkhano

Misonkhano imeneyi imayenda mofanana pafupifupi m'maiko onse. Wogulitsa amayamba ndi kuceza, kufunsa za ana, za nchito ndi za malo amene banjalo lifuna kukaona. Kenako amalionetsa nyumba yokonzedwa bwino koposa zonse. Akakhala pansi amawerengera ndalama zimene banjalo lingaononge pa mahotela kwa zaka 20 kapena 30, ndi kusonyeza kuti timeshare ndiyo yochipa. M'kuwerengera kumeneku ndalama ya caka ndi caka imachulidwa mofulumira, ndipo kukwera kwake sikufotokozedwa.

Banja likakana, pamabwera wamkulu wa ogulitsa ndi mtengo wotsikirapo. Likakananso, pamabwera wina ndi mapointi ocepa ongoyesera. Onse amanena mau amodzi, akuti mtengowo ndi wa lero lokha. Msonkhano wa mphindi 90 umatha kufika maola atatu kapena anai, ndipo ena amasaina cifukwa ca kutopa ndi manyazi okana munthu amene wawalandira bwino. Anthu a kuno kum'mawa amalemekeza wowacereza, ndipo ulemu umenewu ndi umene wogulitsa amadalira. Kukana malonda si mwano. Pangano la masiku ochipa limafuna kuti munthu afike pa msonkhano, silimukakamiza kugula.

Mtunda wocokera ku Katete kukafika kunyanja

Dziko la Zambia lilibe gombe la nyanja ya mcere, ndiye mtengo wa ulendo ndiwo woyamba kuwerengera. Kucokera ku Katete, njira yaifupi ndi mseu wa ku Mozambique, wodzera pa cipata ca malire ca Chanida ndi Cassacatiza, kupita ku Tete, kudutsa Changara ndi Chimoio mpaka ku Beira. Ulendowu ndi wa makilomita oposa 900, ndipo pa mabasi umafuna kugona panjira. Malo ochuka a mcenga woyera, monga Vilankulo ndi Tofo, ali kutsogolo ndithu kum'mwera kwa Beira.

Malo ambiri a timeshare ali ku South Africa. Wocokera ku Katete kapena ku Sinda angathe kutsata mseu wa Great East mpaka ku Lusaka, kenako Chirundu, Harare, Beitbridge, Johannesburg, ndi kutsikira ku Durban. Ndi makilomita oposa 2,500 kupita kokha. Wa ku Vubwi amayamba wafika ku Chipata kapena ku Chadiza asanalowe mu mseu waukulu. Banja la anthu asanu lifunika matikiti asanu opita ndi obwerera, mapasipoti asanu, ndi cakudya ca masiku angapo a panjira. Nzika za Zambia sizifunika visa pokaceza kwa masiku ocepa ku Malawi, Mozambique kapena South Africa, koma pasipoti ifunika. Ciphaso ca pamalire cimene anthu a m'midzi ya m'malire amagwiritsa nchito pokaona abale kutsidya ndi ca maulendo a pafupi, sicingamufikitse munthu kunyanja.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Anamondwe amaomba gombe la Mozambique pakati pa November ndi April. Namondwe wa Idai anasakaza mzinda wa Beira mu March 2019, ndipo wa Freddy anaomba Mozambique ndi kum'mwera kwa Malawi mu 2023. Kumpoto, m'cigawo ca Cabo Delgado kumene kuli Pemba, zigawenga zinayamba kucita ziwembu mu October 2017. Masiku ochipa kwambiri nthawi zambiri amagwera m'nyengo kapena pamalo pamene alendo ena akupewa.

Palinso kalendala ya nchito. Mlimi wa cimanga, nshawa, thonje kapena soya sangasiye munda mu December pamene akubzala ndi kupalira. Ndalama ndi mpata amazipeza atagulitsa mbeu, kuyambira July mpaka October. Mphunzitsi amapuma pamene masukulu atseka, mu April, August ndi December, ndipo December ndi nthawi imene eni mapointi onse a ku South Africa amalimbirana zipinda zomwezo.

Kuwerengera mtengo weniweni

Ku America, kumene malondawa ndi aakulu koposa, ziwerengero za bungwe la ogulitsa okhawo zinasonyeza kuti mu 2023 mtengo wapakati wa timeshare unali pafupifupi madola 24,000, ndipo ndalama yosamalira malo inali yoposa madola 1,000 pa caka. Mitengo ya ku South Africa ndi yotsikirapo, koma kayendedwe kake ndi komweko.

Citsanzo congoyerekeza cithandiza kuona bwino. Tinene kuti munthu wagula sabata imodzi pa marandi 60,000, ndipo ndalama ya caka ndi caka ndi marandi 6,000, yokwera ndi 8 peresenti caka cili conse. Pa zaka 10 adzakhala atalipira pafupifupi marandi 87,000 osamalira malo. Kuphatikiza ndi mtengo wogulira, ndi marandi 147,000. Akapita zaka zonse 10 osaphonya, adzagona mausiku 70, ndipo usiku umodzi udzamudyera marandi 2,100. Koma banja la ku Katete limene lingakwanitse ulendo wa ku Durban katatu kokha pa zaka 10 lidzagona mausiku 21, ndipo usiku uli wonse udzakhala wa marandi 7,000. Apa sitinawerengere ciwongola dzanja, matikiti a basi, kapena ndalama yolipira posinthana malo.

Ndalama zonsezi ndi zakunja, pamene malipiro ndi zokolola za wogula zili m'makwacha. Mu 2013, caka cimene ndalama yathu inacotsedwa maziro atatu, dola imodzi inali kugulidwa pa makwacha oposa 5 pang'ono. Pofika 2024 inali kupitirira makwacha 25. Kwacha imakwera ndi kutsika, ndipo mu 2025 inapezako mphamvu, koma wosaina pangano la zaka zambiri la marandi kapena madola wasenza yekha ngozi ya kusintha kumeneku.

Ogulitsa amafuna anthu a malipiro okhazikika kapena amene alandira ndalama zambiri nthawi imodzi. M'maboma athu anthu otere ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi, ogwira nchito ku khonsolo, amalonda, opuma pa nchito, ndi amene amatenga gawo la 20 peresenti ya ndalama zao za NAPSA, zimene lamulo linayamba kulola mu April 2023. Wogwira nchito m'boma amene akudulidwa kale nkhongole pa malipiro ake ayenera kukumbukira kuti ndalama ya timeshare imapitirira ngakhale mtengo wogulira utatha kulipiridwa.

Zimene dziko la South Africa linapeza

Madandaulo atacuruka, bungwe loteteza ogula la ku South Africa, National Consumer Commission, linakhazikitsa kafukufuku wa malondawa mu May 2017. Gulu lofufuza linayendera zigawo za dzikolo kumva anthu, ndipo lipoti lake linatulutsidwa mu December 2018. Dandaulo lalikulu linali lakuti anthu anali kulephera kutuluka m'mapangano, cifukwa ambiri a iwo analibe tsiku lothera. Ena anadandaula kuti ndalama ya caka ndi caka inali kukwera mosalekeza, kuti mapointi osagwiritsidwa nchito anali kufafanizidwa, ndi kuti zipinda sizinali kupezeka pa nthawi imene iwo anali kuzifuna. Panalinso amene ananena kuti anaitanidwa ndi bodza lakuti apambana mphoto. Lipotilo linalangiza kuti mapangano azikhala ndi malire a nthawi, ndi kuti pakhale lamulo latsopano ndi woyang'anira malondawa.

Pangano lopanda tsiku lothera lingasautse ndi otsala. Mwini wake akamwalira, kampani ingathe kufuna ndalama zake pa cuma ca masiye. Cimene kholo linagula poganiza kuti lasiyira ana malo opumulirako cimasanduka nkhongole ya banja. Kugulitsa nakonso sikuthandiza kwenikweni, pakuti ofuna kutuluka ndi ambiri kuposa ofuna kulowa, ndipo masabata ogulitsidwa kaciwiri amapita pa mtengo wocepa kwambiri. Ena amawapereka ulere kuti angomasuka. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Izi sizitanthauza kuti makampani onse ndi acinyengo. Pali mabanja a ku Johannesburg ndi ku Pretoria amene amayenda maola ocepa pa motoka kupita ku sabata yao caka cili conse ndipo ndi okhutira. Timeshare imapindulira munthu wokhala pafupi, wolandira ndalama ya dziko lomwelo, ndiponso wotsimikiza kuti adzapita caka ndi caka. Ndi anthu ocepa a m'cigawo ca kum'mawa amene ali otero.

Akuba obisala m'malondawa

Kuwonjezera pa ogulitsa okakamiza, pali akuba enieni. M'caka ca 2001 khoti la ku London linalamula John Palmer kukhala m'ndende zaka 8 cifukwa cobera anthu zikwizikwi kudzera m'malonda a timeshare pa cilumba ca Tenerife. Mu 2024 boma la America linacenjeza kuti magulu a zigawenga a ku Mexico anali kuimbira lamya eni timeshare, kunamizira kuti apeza wogula, ndi kuwauza kuti ayambe atumiza ndalama ya msonkho. Bungwe la FBI linati pakati pa 2019 ndi 2023 anthu pafupifupi 6,000 anataya madola pafupifupi 300 miliyoni mwa njira imeneyi.

Kuno kwathu cinyengo cimabwera mosavuta kuposa apo. Munthu amauzidwa kuti wapambana holide pa mpikisano umene sanalowe, ndipo kuti malo ake asungidwe atumize ndalama yolembetsera pa Airtel Money, MTN Mobile Money kapena Zamtel. Nambala yolandira imakhala m'dzina la munthu wamba. Ndalama ikangotumizidwa, pamabuka ina ya inshuwalansi kapena ya msonkho, kenako lamya imazima. Zizindikiro zake ndi zodziwika: mphoto yofuna kulipiriratu, kufulumizitsa kuti mpata utha lero, kupempha nambala yacinsinsi kapena cithunzi ca khadi ya ku banki ndi ca NRC, ndi tsamba la pa intaneti lopanda keyala ya ofesi. Hotela yeniyeni ili ndi nambala yake imene munthu angaipeze payekha ndi kuimba kufunsa ngati ikudziwa za kutsitsa mtengoko.

Zimene malamulo anena

Maiko a bungwe la European Union anagwirizana mu 2008 kuti wogula timeshare ali ndi masiku 14 osintha maganizo popanda kupereka cifukwa, ndipo wogulitsa saloledwa kulandira cikole m'masiku amenewo. Ku South Africa, lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limapatsa munthu amene anacita kufikiridwa ndi otsatsa malonda masiku 5 a nchito oti athetse pangano polemba kalata. Masiku 5 ndi ocepa kwa munthu amene adzathera awiri kapena atatu m'basi pobwerera ku Katete. Amene wasaina ndipo wazindikira kuti walakwa alembe kalatayo asananyamuke, aipereke m'njira imene panganolo lanena, ndi kusunga umboni wake.

Muno m'Zambia, lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa kunamiza ogula, ndipo bungwe la CCPC ndilo limalandira madandaulo. Kampani yocita malonda m'dziko muno iyenera kukhala yolembetsedwa ku PACRA, ndipo ocita malonda a zokopa alendo amayenera kukhala ndi cilolezo ca Zambia Tourism Agency. Nambala za lamya zotumiza mauthenga acinyengo zingathe kunenezedwa ku ZICTA poimba *707#, ndipo wobedwa ndalama akanene ku polisi ndi ku kampani ya lamya mwamsanga. Pa malonda odutsa malire, bungwe la COMESA loona za mpikisano ndi kuteteza ogula lili ndi likulu lake ku Lilongwe. Zambia ndi Malawi ndi mamembala a COMESA, koma Mozambique ndi South Africa si mamembala. Pangano losainidwa ku Durban limaweruzidwa ndi malamulo a kumeneko, ndipo kulondola ndalama ku kampani yopanda ofesi muno kumafuna loya wa m'dzikolo.

Nyanja imene ili pafupi

Ngati cofunika ndi madzi, mcenga ndi mpumulo, anthu a m'maboma atatuwa ali ndi nyanja pafupi. Kucokera ku Katete kudzera ku Chipata, pa cipata ca Mwami ndi Mchinji, Lilongwe ndi Salima, gombe la Senga Bay pa nyanja ya Malawi lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 350, ulendo wa tsiku limodzi. Cipata ca Mwami ndi Mchinji cinasandutsidwa ca malo amodzi oonetsera mapepala mu December 2022. Kum'mwera kwa Salima kuli Mangochi, Monkey Bay ndi Cape Maclear, kumene kuli paki ya nyanja ya Malawi imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a cuma ca dziko lonse mu 1984.

Kumeneko mlendo wa ku Katete amalankhula cinenero cake. Mafumu ndi anthu a ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera ku Mkaika caka ndi caka mu August kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba, ndipo likulu lakale la a Kalonga, Mankhamba, linali kufupi ndi Mtakataka, pafupi ndi nyanja yomweyo. Munthu angathe kukambirana mtengo yekha ndi mwini malo, kumva zonse zimene akuuzidwa, ndi kulipira masiku okhawo amene wagona. Pali mahotela akuluakulu monga Sunbird Livingstonia ku Senga Bay ndi Sunbird Nkopola ku Mangochi, palinso malo ogona ang'onoang'ono ndi omangapo matenti a mtengo wotsika.

Mtengo umatsika pakati pa sabata ndi kunja kwa nyengo za Khrisimasi ndi Pasaka. Magulu a kwaya, a sukulu kapena a cilimba amene amahayala basi imodzi amatha kupempha mtengo wa gulu. Miyezi ya September ndi October, pamene mphepo ya mwera yacepa ndipo alimi agulitsa mbeu, ndi yabwino kunyanjako. Woyenda pa motoka yake atenge mapepala onse a motokayo ndi inshuwalansi ya COMESA Yellow Card. Mu November 2025 boma la Malawi linalengeza kuti alendo ocokera kunja azilipira mahotela ndi ndalama zakunja monga madola, cotero ndi bwino kufunsa hotela ndalama imene ikulandira musananyamuke. Malo ena a m'mbali mwa madzi anasefukiridwa pamene nyanja inakwera mu 2024, ndiye afunsidwenso ngati ndi otsegula. Likodzo lilipo m'mbali zina za nyanjayi, makamaka m'madzi odekha a bango, ndipo neti yoteteza ku malungo ifunika monga kwathu. Osafuna kudutsa malire ali ndi Siavonga pa nyanja ya Kariba ndi Samfya pa nyanja ya Bangweulu, ngakhale kuti malo awiriwa ali kutali kuposa Salima.

Kwa amene afunabe kulandira masiku ochipa

Munthu amene ali kale pa ulendo wa ku South Africa, kaya wa malonda kaya wokaona abale, angapindule ndi masiku ochipawo ngati akonzeka. Asananyamuke apemphe mfundo zonse zolembedwa, zonena dzina la hotela imene adzagone, masiku ake, kutalika kwa msonkhano, ndalama zina zolipira pamalopo, ndi cilango ca wolephera kufika pa msonkhano. Aimbe ku hotelayo pa nambala imene waipeza yekha. Ayerekeze mtengowo ndi wa cipinda comweco pa masiku omwewo popanda msonkhano, pakuti nthawi zina kusiyana kwake ndi kocepa.

Bambo ndi mai apangane ali kunyumba kuti sadzasaina pepala lili lonse pa tsiku la msonkhano. Nthawi yolembedwa ikakwana, athokoze ndi kunyamuka. Ngati malondawo awakoka mtima, atenge panganolo losasaina kupita nalo kwa loya kapena kwa munthu wodziwa za ndalama, ndipo afunse mafunso awa: panganoli litha liti, ndalama ya caka ndi caka yakwera motani pa zaka zisanu zapitazi, ndingatuluke bwanji, nanga ndikamwalira nkhongoleyi igwera ndani. Wogulitsa amene akana kuyankha molemba, kapena akana kuti pepala lituluke m'cipindamo, wasonyeza kale mtundu wa malonda ake, ndipo banjalo libwerere ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi ndi ndalama zake m'thumba.